Khobidi la Chikole la a Mbewe

Tsiku langa loyamba pantchito ndinawononga makobidi asanu ndi awiri, ndipo ndinkawawononga ndikuimba nyimbo. Che Jafali, mwini shopu, anali atapita kumzikiti kukapemphera masana. Pochoka anandiuza kuti ndisese ndi kupukuta galasi la pakauntala, basi. Ndinasesa, ndinapukuta, nthawi n'kutsalabe. Apo maso anga anagwera pa kasosala kamene kanali patebulo la kuseri, kodzaza makobidi akale aja oboola pakati, onse akuda bii. Ndinati mumtima, mdala uyu maso akumuvutadi, sakuona n'komwe kuti katundu wake wada. Ine ndinaleredwa ndi amayi amene sankalola poto kulowa m'nyumba asanaonemo nkhope yawo. Ndinatapa mchenga kuseri kwa shopu, ndinapempha phulusa kwa mayi wokazinga zitumbuwa pakhonde loyandikana, n'kuyamba kukwecha ndi mtima wonse.

Pamene Che Jafali ankabwera ndinali nditawandandalika pakauntala, asanu ndi awiri, ofiira, owala ngwee, ine nditaima pambali manja kumbuyo kudikira kuyamikiridwa. Anayang'ana makobidi, anayang'ana ine. Anavula kofia n'kukhala pansi pampando.

"Fabiano, wadya nkhomaliro?"

"Ayi, abwana."

"Nanga mphamvu zonsezi wazitenga kuti?"

Anatola limodzi, kuligwira m'mphepete ndi zala ziwiri. "Khobidi ili linatenga zaka zoposa zako katatu kuti livale khungu lija. Iwe walivula m'mphindi khumi. Munthu wosonkhanitsa makobidi akaliona chonchi amangolibweza, safunsa ngakhale mtengo." Ndinayamba kufunafuna ndi maso pamene ndinaika jekete langa, poganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Koma iwo anati, "Mawa ubwere. Munthu amene wachita manyazi chonchi sabwereza."

Ntchitoyo inandipeza chifukwa cha matenda anga owerenga. Sukulu ndinalekeza giledi 7, koma maso anga sanamve uthengawo. Ndinkakankha wilibala pamsika wa Kapata, ndipo chilichonse chokhala ndi zilembo ndinkachiwerenga: nyuzi zokulungira nsomba, matumba a feteleza, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala. Mpaka lero ndimadziwa kamwedwe ka mankhwala a matenda amene sindinadwalepo. Tsiku lina ndinatumidwa kukatula katoni ku Daunishopu, dera la masitolo, m'kashopu kopapatiza kokonzera mawotchi. Podikira kuti andisainire, ndinawerama pagalasi la pakauntala n'kuona makobidi atagonekedwa pansalu. Ndinayamba kuwerenga mokweza tizilembo ta m'mphepete, mwa chizolowezi changa, osadziwa kuti mwini shopu akumvetsera. Anatulutsa lina lofufutika kwambiri, ati werenga ili. Ndinalipendeketsa chakuwala n'kutchula chaka chake. Anatenga kagalasi kawo ka m'diso, kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Maso amenewa ukuwataya bwanji pa wilibala? Ubwere Lolemba."

Che Jafali makolo awo anachokera ku Mangochi, koma iwo anabadwira m'Chipata momwe muno. Mawotchi ndiwo ankawadyetsa, makobidi ndiwo ankawakonda. Anthu a m'midzi ankabwera nawo m'zitini ndi m'timipango. Ena anawapeza polima pa mabwinja, ena anawachotsa padenga, chifukwa kale anthu pokhoma malata ankalowetsa msomali m'bowo la khobidi kuti mvula isadonthe. Ena anali a pa mkuzi wa mwana. Ogula anali aphunzitsi, alendo opita kukaona nyama ku Luangwa, ndi anthu a ku Lusaka amene tinkawatumizira zithunzi pafoni. Ine ndinali ndisanadziwe kuti pali anthu akuluakulu, a mabanja awo, amene angakwere basi tsiku lathunthu chifukwa cha khobidi limene silingagule ngakhale machesi. Nditadziwa, ndinasangalala kwambiri. Ndinaona kuti wamisala sindili ndekha.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa n'chakuti zakuda za pa khobidi la mkuwa zili mitundu itatu. Pali dothi ndi mafuta a m'manja, zimenezo zimachoka. Pali khungu, lija lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, losalala, limene mkuwa umavala wokha pokalamba. Limenelo silikhudzidwa, ndilo limateteza khobidi ndipo ndilo ogula amafuna. Ndiye pali dzimbiri lobiriwira. Lina ndi lolimba, limangokhala pamwamba ngati nkhanambo. Koma lina ndi lotuwa, lofewa ngati ufa, ndipo Che Jafali ankalitcha nankafumbwe. "Ukaona ufa m'thumba la chimanga," ankatero, "ufawo ndi chimanga chako chimene chadyedwa kale. Apanso n'chimodzimodzi. Ufa wobiriwirawo ndi khobidi lenilenilo." Ukausiya umadya mpaka kuboola, ndipo umalumphira makobidi ena m'chitini.

Zida zathu munthu akanaziona akanaseka. Madzi tinkagula ku filingi, kogulitsira petulo, aja othira m'batire ya galimoto, oyera opanda asidi, chifukwa a pampopi ali ndi mankhwala amene amadyetsa nankafumbwe. Panali timitengo totokosera m'mano, tizidutswa ta nsungwi tosongoka, mswachi wofewa wa mwana, thonje, kabotolo ka asetoni wochotsera mafuta, ndi kagalasi ka m'diso ka okonza mawotchi. Chida chachikulu chinali munga wa mthethe. Munga ndi wolimba kuposa dzimbiri koma wofewa kuposa mkuwa, choncho umathyoka wokha usanakande khobidi. Loweruka lililonse ndinkapita kutsinde kwa phiri la Kanjala kukathyola minga, anthu n'kumaganiza kuti ndayamba using'anga.

Kagwiridwe kake n'kodekha. Khobidi umaligwira m'mphepete. Umaliviika m'madzi aja masiku angapo, kusintha madzi m'mawa uliwonse. Dothi likafewa umalikankha ndi kamtengo, chammbali, osati kubaya. Nkhanambo zolimba umazitukula ndi munga pang'onopang'ono uli ndi kagalasi m'diso. La nankafumbwe umachotsa ufa wonse, kenako umaliviika m'madzi osakaniza soda wophikira ndi soda wochapira, milungu ingapo, kusintha madzi akabiriwira mpaka atasiya. Pomaliza umatsukuluza, umaumitsa bwinobwino padzuwa, umapaka phula lopyapyala n'kuika m'kaenvulopu ka pepala. Ndimu, viniga, mchere, sitiluwulu ndi mankhwala owalitsira mabatani, zimenezo m'shopu muja zinali zoletsedwa ngati nkhumba.

Ndinaikonda ntchitoyi moti ndinkafika shopu isanatsegulidwe. Pamakobidi ambiri aja pali njovu ziwiri zitaima mbali iyi ndi iyo ya bowo. Palibe chokoma ngati kuona chitamba cha njovu chikutuluka pansi pa dothi limene lakhala pamenepo kuyambira agogo ako ali anyamata. Ndinkalankhula nazo. Ndinkati tulukani, akuluakulu, kunja kwacha.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, nthawi yogulitsa thonje, Che Jafali analandira uthenga wa maliro a alongo awo ku Mangochi. Anandisiyira makiyi ndi malamulo atatu: gulitsa mabatire a mawotchi, sintha madzi m'mabotolo, usayambe khobidi latsopano. Linali Lachisanu, kukuzizira, pamene pakhomo panaima mdala wamtali wovala jekete la suti ndi nsapato za jombo. Anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Odi kuno. Kodi ndi pano pamene mumachiritsa ndalama?"

"Ndi pano, agogo. Lowani, khalani apa."

Anati ndi a Lazaro Mbewe, a ku Chiparamba. Anabwera ndi galimoto ya kanta imene inabweretsa mabelo a thonje, ndipo inkabwerera 16 koloko. Anatulutsa mpango m'thumba la m'kati, kumasula mfundo zitatu, n'kuika patebulo chinthu chimene poyamba ndinachiyesa chivundikiro cha botolo. Linali khobidi loboola, mbali imodzi yonse itakutidwa ndi nkhanambo zobiriwira, ndipo pafupi ndi bowo panali kachigamba kotuwa ka ufa uja. Nankafumbwe.

"Ndikufuna liwale," anatero. "Liwale ngati latsopano. Lamulungu tili ndi Misa yathu, ine ndi amayi akunyumba, zaka makumi asanu chikwatirane. Ichi ndicho chikole chimene ndinawapatsa."

Anafotokoza kuti nthawi imene ankafunsira a Rozina analibe kanthu, ngakhale ka mpango ka m'sitolo. Makobidi oboolawa anali atasiya kale kugwira ntchito, ana ankangoseweretsa. Iwo anatola limodzi, n'kupita kwa katekisiti kuti awaphunzitse zilembo ziwiri zokha, L ndi R, chifukwa sukulu sanapondeko. Anayeserera pamchenga sabata yathunthu, kenako anazilemba pakhobidi ndi msomali, L mbali iyi ya bowo, R mbali inayo. Abale a mkazi anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma a Rozina analandira, n'kulivala m'khosi zaka zambiri. Chingwe chitaduka analisomeka penapake m'khichini kuti adzamange mawa, n'kuiwala malo. Linapezeka mwezi wathawu pogumula khichiniyo, lili m'mng'alu wa khoma. A Rozina anali asanauzidwe.

Ndikuuzeni zoona, nditamva za zilembo ziwiri zophunzirira pamchenga, malamulo atatu aja anatsala awiri. Ndinaika kagalasi m'diso. Zilembo sizinkaoneka konse, zinali pansi pa nkhanambo. Ndinawauza kuti ntchito yotere imafuna milungu, alisiye.

"Kulisiya? Mwanawe, lakhala losowa zaka makumi awiri. Lero lokha lituluke m'manja mwanga ayi. Ndikhala pompano." Anapisanso dzanja m'thumba n'kutulutsa ndimu wamkulu ndi mchere wa m'kapepala. "Mdzukulu wanga wa kusekondale anaona pafoni. Akuti mphindi zisanu. Ndabwera kuno chabe chifukwa amayi akunyumba akanamva fungo la ndimu akanafunsa mafunso. Bwereka mpeni."

Kukaniza munthu wa msinkhu wa agogo ako, katundu ali wake, ndimu ali wa mumtengo wake, si chinthu chapafupi. Ndinayesa kufotokoza za khungu ndi ufa, mawu onse a Che Jafali, koma iwo ankangogwedeza mutu ngati akumvera ulaliki wa mpingo wina. Ndiye ndinatenga khobidi lotha ntchito m'chitini chathu chophunzirira, lodyeka mofanana ndi lawo. Ndinacheka ndimu wawo, kufinyira, kuthira mchere, kutikita ndi chala. Zobiriwira zinasungunuka pomwepo. Khobidi linatuluka lofiira, lodzaza timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba, njovu imodzi yopanda miyendo.

"Mwaona, agogo? Chimene chinali pamwamba chapita limodzi ndi dzimbiri."

Analitembenuza m'manja. "Koma lawala," anatero.

Ndinangofunsa, osadziwa kuti ndikufunsa chiyani, "Nanga agogo aakazi akaliona lowala koma lopanda dzina lawo, adzati chiyani?"

Mdala anayang'ana kumsewu. "Saona," anatero. "Ng'ala. Chaka chachinayi tsopano."

"Ndiye kuwalako n'kwa yani?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa. "Alamu anga awiri mwa amene anandiseka aja adakali moyo. Adzakhala pabenchi lakutsogolo." Anakanda chibwano. "Koma agogo ako aakaziwo, ngakhale maso ali abwino, sankaliyang'ana. Ankalisisita ndi chala chachikulu, chonchi, akamadikira madzi kuwira. Ankati akufuna kumva ngati ndidakalipo." Anakankhira mpango uja kwa ine. "Alamu aone lakuda. Tulutsa zilembo."

Nthawi inali itadutsa 9 koloko. Ndinafunditsa madzi a batire pang'ono n'kuviikamo khobidi kwa ola limodzi, nthawi imene kwa ife ndi ngati kuphethira. Theka la ndimu lotsala tinafinyira mu tiyi. Kenako ndinalipukuta ndi thonje la asetoni, kuligoneka pansalu yopinda, kagalasi m'diso, munga m'manja. Ndinayambira kumanzere kwa bowo, kumene nkhanambo inali yolimba. Umapeza m'mphepete mwa nkhanambo, umalowetsa nsonga ya munga chogona, umakankha pang'ono. Ikakana umadonthezera madzi n'kupita pena. Munga woyamba unathyoka, wachiwiri unathyoka. A Mbewe anakokera mpando pafupi mpaka mpweya wawo unkachititsa nthunzi pakagalasi kanga.

"Waona kanthu?"

"Ayi, agogo."

"Nanga tsopano?"

"Agogo, mukandifunsa dzanja limanjenjemera."

Cha m'ma 12 kachidutswa kakang'ono ngati njere ya mpiru kanadumpha, ndipo pansi pake panali khungu labwino lofiirira, ndi kamzere kowongoka kolowa m'kati. Ndinakatsata ndi munga kutsika. Pansi kanakhota kupita kumanja. Ndinakuwa, "L! L uyu!" mokweza moti mayi wa zitumbuwa analowa ndi chipande m'manja poganiza kuti kwabwera wakuba. A Mbewe anandilanda kagalasi, kukaika padiso molakwika, kutembenuza, kenako anangoti, "Ndi ameneyo. Wopendama pang'ono. Msomali unaterereka." Anapempha mayi uja zitumbuwa zinayi kuti tikondwerere. Ine sindinadye, manja amafuta sagwira khobidi, ndipo njala sindinkaimva.

R anali mbali ya nankafumbwe. Ndinadziwa kuyambira m'mawa ndipo ndinkangozengereza. Ufa wa pamwamba unachoka mosavuta ndi thonje. Mutu wa R unaoneka, wozungulira bwino, ndi msana wake. Ndinayamba kudzimva katswiri, ndinayambanso kuimba chamumtima. Ndinatsikira ku mwendo wakutsogolo, kukankha kankhanambo kamene kanaoneka ngati ena onse. Kanatukuka konse nthawi imodzi, kakakulu kuposa mmene ndinkafunira, ndipo pansi pake panalibe khungu. Panali dzenje lofiira ngati chilonda, m'mbali mwake muli ufa. Theka la mwendo wa R linali pansonga ya munga wanga.

A Mbewe anaona nkhope yanga. "Chachitika n'chiyani?" Ndinati ndikubwera, n'kutuluka ndi foni kuseri. Ndinaimba katatu osalowa. Kachinayi Che Jafali anayankha, kumbuyo kukumveka anthu ambiri.

"Fabiano, shopu yapsa?"

"Ayi, abwana. Ndayamba khobidi latsopano."

"Ndinakuuza chiyani?" Ndinafotokoza zonse mothamanga, chikole, ng'ala, Misa, dzenje. Sanandidule. Nditamaliza anati, "Tamvera. Chimene chadyedwa chadyedwa, sunachidye ndiwe ndipo sungachibweze. Ufa uchotse ndi munga wogona. Pofiira usapakhudze, ukakumba kufuna mwendo upeza bowo lachiwiri. Phula usapake, matenda adakali m'kati. Ndipo mdalayo umuuze zoona." Foni inaduka.

Ndinabwerera n'kuwauza zoona. Ndinati mwendo umodzi wa R unadyedwa kale mkati, ndipo ine ndatukula chimene chinkaubisa. Ndinati nditha kuyeretsa zotsalazo kuti chala chizipeze, koma matendawo sathera lero, pambuyo pa Misa khobidi liyenera kubwera kudzagona m'madzi a soda milungu ingapo, apo ayi R yense adzatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukanatha kunena kuti linali choncho kale," anatero.

"Ndinaganizako, agogo."

"Pitiriza."

Maola awiri otsatirawo sindinadzutse mutu. Ndinachotsa ufa m'mbali mwa dzenje kambewu kamodzikamodzi, munga utagona. Dzanja linkafuna kukumba, linkandiuza kuti mwina mwendo uli pansi pang'ono chabe, ndipo ndinkachita kulikaniza ngati mwana pafupi ndi moto. Kenako ndinayeretsa m'mizere ya zilembo zonse ziwiri ndi kachidutswa ka nsungwi kuti zikhale zakuya mmene msomali unazisiyira. Nkhanambo zina za kutali ndi zilembo ndinazisiya, nthawi panalibe. Dalaivala wa kanta anaimba foni kawiri. Hafu pasiti 15 ndinatsukuluza khobidi, kuliviika mu asetoni kuti madzi achoke, n'kuliyanika padzuwa pawindo. Ndinapota ulusi wa thonje n'kulowetsa m'bowo.

A Mbewe analitenga, kutsinzina, n'kuyamba kusisita ndi chala chachikulu. Anasisita, anasisita. Anatsegula maso.

"Sindikumva kanthu."

Ndinatola kagalasi kuti ndilionenso.

"Koma chala changa chinafa ndi khasu," anatero, akuchiyang'ana. "Ngakhale munga sindiumva. Tikaona kwa eni ake." Anamanga mfundo zitatu zija n'kuthamangira kanta, jombo zikulira.

Loweruka ndi Lamulungu limenelo ndinali munthu wosathandiza. Ku Misa ya kwathu ku Nabvutika ndinaimirira pamene anthu ankagwada. Ndinatenga makobidi a m'chitini chophunzirira n'kumayesa kuwawerenga ndi chala nditatsinzina, ndipo sindinathe ngakhale limodzi, zimene zinangowonjezera mantha. Che Jafali anabwera Lachiwiri. Za lamulo lachitatu sanatchule. Anangofunsa kuti minga yatsala ingati.

Lachitatu m'mawa ndinamva "Odi kuno" yemwe uja. A Mbewe analowa atagwira dzanja mayi wamfupi wovala chitenje cha amayi a mpingo, pamutu atasenza kathumba ka nsawa kamene anakana kuti amuna awo awanyamulire. Tinawakhazika. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Ndiwe wa minga uja?"

"Ndine, agogo."

"Bwera kuno." Anandigwira dzanja, kupapasa zala zanga chimodzichimodzi. "Tizala ta munthu wosalima. Chabwino, tili ndi ntchito yake." Kenako anafotokoza. Ati pambuyo pa ulaliki, ansembe atawaitanira kutsogolo, amuna awo anawaika kanthu m'manja osanena mawu. "Ndinayesa mendulo. Kumva bowo. Ndinati ayi, sizingatheke. Kupita kumanzere, L ndinam'peza msanga, wopendama mmene analili. Kupita kumanja, R mwendo umodzi palibe. Ndinati ameneyu ndinedi, nanenso mwendo uwu unasiya kalekale kundimvera." Anaseka, misozi ikutsika. "Ndinalira pamaso pa mpingo wonse, mwanawe. Achimwene anga pabenchi lakutsogolo ankafunsana kuti wapatsidwa chiyani, golide?"

"Sindinawaonetse," anatero a Mbewe. "Afunsabe mpaka lero."

Ine ndinali nditaimirira, kukhala, kuimiriranso. Ndinkafuna kuthamanga kuzungulira Daunishopu yonse. A Rozina anavula chingwe m'khosi. Che Jafali anatambasula dzanja, koma mayiwo anafunafuna langa n'kuikamo khobidi. "Akuti likufunika kugonekedwa m'chipatala. Ndalola. Koma Lachitatu lililonse bambo awa azibwera kudzaliona, ndipo wolisamala ndi iweyo." Che Jafali analipempha kwa ine, kuika kagalasi m'diso, n'kuyang'ana nthawi yaitali ngati tsiku lija anandipeza. Anayang'ana L, anayang'ana dzenje. Pobweza anati, "Wasiya pamalo oyenera kusiya." Kwa munthu ameneyo amenewo anali mawu ambiri.

Khobidi linagona m'madzi a soda milungu isanu ndi umodzi, madzi anasiya kubiriwira, ndinalipaka phula, ndipo linabwerera ku Chiparamba ndi mwendo wake umodzi ndi theka. Ndagwira makobidi ambiri kuchokera pamenepo, ena osowa kwambiri moti Che Jafali ankawatsekera m'bokosi lachitsulo la ndalama. Koma chimene ndinasunga n'cha tsiku lija. Ndisanatole munga ndimayamba ndafunsa kuti chinthuchi chikubwerera m'manja mwa yani, ndipo mwini wakeyo amafunapo chiyani. Ndipo dzanja likayamba kundiuza kuti pang'ono pokha, kumbanso pang'ono pokha, ndimaika munga pansi n'kupita kukamwa madzi.

Madzulo a Lachitatu lija ndinafika ku Nabvutika dzuwa lisanalowe, kathumba ka nsawa paphewa, chifukwa Che Jafali anati nsawazo n'zanga. Amake Dalitso, a nyumba yoyandikana ndi yanga, anali pakhonde akusankha nyemba. Anandifunsa kuti nsawa zachokera kuti, ndipo ine sindinadikire kufunsidwa kawiri. Ndinawafotokozera zonse nditaimirira, kuonetsa ndi manja mmene munga umagonera, kutsanzira mawu a a Mbewe, kujambula R wa mwendo umodzi pansi ndi chala. Iwo ankangoswa nsawa zanga n'kumatafuna, kugwedeza mutu. Nditamaliza anakung'untha makoko pachitenje n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamva, a Fabiano. Zikole za anzanu mukuzitha kukonza, Mulungu akudalitseni. Nanga chanu mudzapereka liti? Kapena mukudikira kuti chiyambe chachita dzimbiri?"